Mtundu wa mkuwa ndi njerwa yopsa: mafunso ndi mayankho a omanga ku Mangochi

Pa khadi la mitundu lomwe amakuonetsani m'sitolo ya utoto pamakhala kagulu ka mitundu yovuta kuiika mbali. Siyofiira kwenikweni, siyachikasu, komanso sinade mpaka kufika pa khofi. Wina amati ndi mtundu wa mkuwa, wina wa njerwa, wina wa katondo, ndipo palibe akunama. Kuyambira pa Mangochi boma, kudzera ku Nkopola ndi Monkey Bay mpaka ku Chembe, mtundu umenewu uli pamakoma, pamakonde, pamitsuko ndi pansomba zowamba. Nawa mafunso amene amabwera munthu akafuna kuugwiritsa ntchito mwadala.

Kodi tikunena mtundu uti kwenikweni?

Tolani chipatso cha mgwalangwa chakupsa, chija chimanyezimira chokha. Kapena yang'anani nkhwazi itatera pamtengo: mutu ndi chifuwa mbee, koma pamimba ndi m'mapewa pofiirira moderako. Kapena sendani pulasitiki pa waya wamagetsi muone chitsulo cha m'katimo. Zitatuzi sizifanana ndendende, koma n'zapachibale.

Wosakaniza utoto amaupeza pothira wachikasu mu wofiira, kenako n'kudonthezamo wakuda kapena wabuluu pang'ono. Kadontho komalizako ndi kamene kamausiyanitsa ndi olenji wa zovala za ogwira ntchito mumsewu, amene ntchito yake n'kukuwa kuti dalaivala akuoneni muli patali. Mtundu wa mkuwa sukuwa. Ndi wofunda, wolemera, ndipo diso limatha kukhala nawo tsiku lonse osatopa.

Uli ndi nkhope ziwiri. Pa chinthu chosalala, monga chitsulo kapena thabwa lopaka vanishi, umaoneka wachuma. Pa chinthu chokhakhala, monga njerwa kapena mtsuko, umaoneka wodekha, wakwathu. Musanatulutse ndalama, dziwani kaye nkhope yomwe mukuifuna.

Ndiye kuti m'njerwa ndi m'katondo muli mkuwa?

Ayi. Kufiira kumene timakuona m'dothi, m'njerwa ndi m'mbiya ndi ntchito ya chitsulo. M'miyala yambiri muli chitsulo, ndipo mwala ukamaphwanyika pang'onopang'ono ndi mvula ndi kutentha, chitsulocho chimakumana ndi mpweya n'kuchita dzimbiri. Katondo ndi dothi lodzaza dzimbiri limenelo. Akatswiri a miyala amasiyanitsa mitundu iwiri ikuluikulu: goethite, amene amaoneka wachikasu moderako chifukwa amasunga madzi m'kati mwake, ndi hematite, amene ndi wofiira. Mukatenthetsa goethite madzi aja amathawa, iye n'kusanduka hematite. N'chifukwa chake njerwa imene inatuluka m'chikombole ili yotuwa kapena yachikasu imatuluka mu uvuni ili psuu.

Ojambula zithunzi a ku Italy ankachita zomwezi ndi dothi la kufupi ndi mzinda wa Siena: laliwisi limapatsa utoto wachikasu, lootcha limapatsa wofiirira. Amene amaumba njerwa ku Namwera ndi amene ankapera utoto ku Ulaya zaka mazana apitawo ankagwira ntchito ndi chinthu chimodzi.

Mkuwa weniweni umafiira pa chifukwa china. Zitsulo zambiri zimabweza kuwala konse mofanana, ndiye zimaoneka zotuwa kapena zoyera. Mkuwa umameza mbali ya kuwala kwabuluu ndi kobiriwira n'kubweza kofiira ndi kwachikasu. Mwa zitsulo zomwe timazidziwa tsiku ndi tsiku, mkuwa ndi golide ndiye zili ndi mtundu wakewake.

Kudziwa zimenezi kumathandiza pogula njerwa. Dothi la m'mbali mwa mapiri, lofiira kale, limatulutsa njerwa zofiira kwambiri. Makande a m'madambo ndi dothi lamchenga la kufupi ndi nyanja amatulutsa zotuwirako kapena zodera. Mukagula theka la njerwa kwa woumba uyu ndi theka kwa uyo, khoma lidzaonetsa pamene magalimoto awiriwo anakumanirana.

Nanga bwanji njerwa za uvuni umodzi zimatuluka zosiyana mtundu?

Chifukwa moto suyenda mofanana. Njerwa imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 800 mpaka 1,000 kuti ipse bwino, koma uvuni wa nkhuni ulibe chochepetsera kapena chowonjezera moto. Zomwe zinali pangalande ya moto zimapsa mopitirira: zimada, zina zimapindika kapena kumatirirana. Za pakati ndiye zimatenga mtundu uja tikuunenawu. Za m'mbali ndi pamwamba zimangofunda, n'kutuluka zotumbuluka ndi zofumbutuka. Mpweya nawo uli ndi mbali yake. Pamene unkalowa bwino chitsulo chimafiira. Pamene unkaperewera chimada. Thyolani njerwa ina mupeza kunja kofiira koma mtima wakuda.

Choncho mtundu ndi umboni wa kupsa, koma musakhulupirire diso lokha. Gundanitsani njerwa ziwiri: zopsa zimalira ngwee, zosapsa zimangoti phu. Viikani zingapo m'madzi usiku umodzi muone ngati m'mawa zili zathunthu.

Pali amisiri ena amene amasankha njerwa za mtundu umodzi wokhawokha kuti khoma la kumaso lioneke ngati lopentedwa. Ine sindigwirizana nawo. Zosapsa zichotsedwe ndithu, koma zopsa bwino, zofiira ndi zoderako, zisakanizidwe pomanga. Kusiyanasiyana kumeneko ndiko kumapatsa khoma moyo, ndipo palibe chitini cha utoto chingakubweretse. Chofunika n'chakuti bilidala azitenga njerwa m'milu ingapo nthawi imodzi, kuti zakuda zisaunjikane pakona imodzi. N'chimodzimodzi ndi mtsuko wootchera pabwalo: mawanga akuda aja ndi pamene nkhuni inautsamira, si chilema.

Kodi si fasho yobwera ndi eni malo ogona alendo?

Iwo angoupeza. Boma la Mangochi ndi lomwe linapereka mayina ku mitundu itatu ya mbiya zakale zimene ofukula zinthu zamakedzana amagwiritsa ntchito posanthula mbiri ya kumwera kwa Malawi. Mbiya za Nkope, zomwe Keith Robinson anafukula ku Nkope Bay m'zaka za m'ma 1960, zinaumbidwa ndi alimi oyamba kusula chitsulo m'derali zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pambuyo pake panabwera za Mawudzu, zomwe zimagwirizana ndi nthawi ya Amaravi, kenako za Nkhudzi, zotchedwa dzina la Nkhudzi Bay komwe Ray Inskeep anafukula. Dongo lootcha lakhala m'manja mwa anthu a kunyanja nthawi yonseyi. Luso lopaka dothi lofiira pa mbiya isanaume n'kuikulungiza ndi nkhulungo mpaka inyezimire si la dzulo ayi.

Nsalu za m'fakitale zisanafale, anthu ankavala chiwondo, khungwa la mombo losulidwa mpaka kufewa, ndipo mtundu wake unali womwewu.

Mkuwa weniweni ndiye unali wobwera. Malawi alibe migodi ikuluikulu ya mkuwa; wambiri unkachokera kumadzulo, m'dera lomwe lero ndi Zambia ndi Katanga. Ku Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula zinthu zamkuwa pamodzi ndi mikanda yagalasi, minyanga ndi zidutswa za mbale za ku China. M'zaka za m'ma 1800, maulendo a malonda a mafumu achiyawo monga Mponda ndi Makanjira ankabwera kuchokera kugombe la nyanja yamchere ndi nsalu, mikanda ndi mawaya a mkuwa wosakaniza opangira zibangili. Kuvala mtundu umenewu pamkono kunali kunena kuti pakhomo pano pali chuma, pomwe kukhala nawo pa mphika kunali kwa aliyense.

Njerwa yootcha inafala ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa ndi njerwa pakati pa 1888 ndi 1891. Ku Fort Johnston, dzina lakale la tawuni ya Mangochi, anamanga nsanja ya wotchi ya njerwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo ikadali chiimire pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Amene akukayika ngati njerwa yosamata ingapirire dzuwa la kuno akaione nsanjayo.

N'chifukwa chiyani mtunduwu umakongola kwambiri m'mbali mwa nyanja kuposa kwina?

Chifukwa mnzake wouyenerera ali pomwepo. Diso likayang'ana mtundu wina kwa kanthawi limayamba kufuna wotsutsana nawo, ndipo wotsutsana ndi olenji ndi buluu. Mitundu iwiriyi ikayandikana, uliwonse umawalitsa unzake. Katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, ankayang'anira zonyika ulusi pa fakitale ya nsalu zokongoletsera ya Gobelins ku Paris. Anthu ankadandaula kuti utoto wina ukutuluka wofooka, koma iye atafufuza anapeza kuti vuto silinali mu utoto: ulusi womwewo unkaoneka mosiyana malinga ndi ulusi woyandikana nawo. Anazilemba m'buku mu 1839, ndipo okongoletsa nyumba akudalirabe mfundo imeneyi mpaka lero.

Ndiye khoma la njerwa lomwe ku Lilongwe lingangosowa m'fumbi lofiira, ku Nkhudzi Bay limaima patsogolo pa madzi abuluu ndi thambo, n'kuoneka ngati lapakidwa dzulo. Ngakhale pansi pa madzi chitsanzo chilipo. Ku chilumba cha Boadzulu ndi ku zilumba za Chinyankwazi ndi Chinyamwezi kuli kansomba ka mbuna kamene asayansi anakalemba mu 1972 n'kukatcha Iodotropheus sprengerae. Mutu ndi msana wake ndi zadzimbiri, m'nthiti mwa yaimuna muli kuwala kwa buluu wopita ku pepo. Oweta nsomba m'magalasi ku Ulaya ndi ku America amakagula chifukwa cha kusakanizika kumeneko.

Kwa womanga, phunziro lake ndi lotsika mtengo. Khoma likakhala la njerwa, chitseko ndi mafelemu a mawindo zipakeni buluu wakuya kapena wobiriwira moderako, ndipo mzere wa laimu woyera ulekanitse ziwirizo. Musapikisanitse: buluu akhale wochepa. Mitundu yomwe imalimbana ndi njerwa ndi pinki, wofiira wowala ndi olenji weniweni, chifukwa ili pafupi kwambiri koma siyofanana, ndiye diso limaona ngati mmisiri anaphonya posakaniza.

Kumbukiraninso kumene nyumba yayang'ana. Ku Nkopola nyanja ili kum'mawa, ndiye khoma loyang'ana madzi limalandira dzuwa lofewa la m'mawa. Ku Malindi ndi ku Chembe dzuwa limalowera kunyanja, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ukadzaza mlengalenga, kuwala kwa madzulo kumakhala kofiira kale. Khoma la mkuwa limayaka bwino nthawi imeneyo, komatu limakhalanso likumwa kutentha, ndipo nkhani imeneyo ndi ya funso lotsatirali.

Mangochi n'kotentha. Mtundu woderawu suwonjezera ng'anjo m'nyumba?

Umawonjezera ukauika malo olakwika, ndipo malo olakwika kwambiri ndi padenga. Masiku ano malata opakidwa kale utoto wofiirira kapena wakhofi akukondedwa chifukwa patali amaoneka ngati matailosi. Ku Dedza kapena ku Mzuzu palibe vuto lalikulu. Koma kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 35, denga lodera limameza mbali yaikulu ya dzuwa n'kuitsitsira pamutu panu. Denga loyera limabweza lochuluka. Ngati mwagula kale malata oderawo, musaumire pa siling'i, ndipo siyani mipata yoti mpweya wotentha uzitulukira pamwamba. Denga la udzu ndiye lilibe mlandu umenewu, n'chifukwa chake malo ambiri a alendo sanalisiye.

Khoma nalo limasunga kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, nthawi imene mukufuna tulo. Khoma la kumadzulo ndiye loopsa. Lipatseni khonde lalikulu, kapena mthunzi wa mango kapena nimu, kapena lipakeni laimu n'kusiya njerwa zioneke kumbali zina.

Lamulo langa ndi ili: mtundu wa mkuwa ukhale pansi ndi pamthunzi, woyera ukhale pamwamba ndi padzuwa. Nyumba za makolo zinkatsata zomwezi mosalemba. Azimayi akamazira, m'munsi mwa khoma ndi pakhonde ankapaka dothi lodera, lomwe limabisa matope a mvula yodontha padenga, ndipo pamwamba ankapaka loyererako.

M'kati mwa nyumba ndiuike pati?

Pansi ndiye pamalo pake. Simenti yosakaniza ndi ufa wofiira wa okusayidi, yosalazidwa bwino n'kumapakidwa polishi, ndi pansi pozizira kuphazi, posavuta kukolopa, ndipo imabisa fumbi. Nyumba zakale za boma ndi za mishoni zambiri zili ndi pansi potere. Ufawo usapitirire gawo limodzi pa magawo 10 a simenti, apo ayi pansi pamafumbutuka. Usakanizidwe ndi simenti zili zouma mpaka mtundu ufanane, madzi abwere pambuyo, ndipo pansipo pazithiridwa madzi kwa masiku angapo kuti pasang'ambike. Amene ali pafupi ndi gombe aike chopondera pakhomo, chifukwa mchenga umakala polishi.

Pamakoma samalani. Chipinda cha mawindo ang'onoang'ono chikapakidwa mtunduwu mbali zonse zinayi chimachita mdima ndi kuoneka chopanikiza. Khoma limodzi likwanira, makamaka la kumbuyo kwa mipando kapena la podyera. Kuchipinda chogona ine ndingasiye makoma oyera pa chifukwa chosakhudza kukongola: udzudzu umakonda kubisala pamdima, ndipo pakhoma loyera umaoneka msanga. Kunyanja kuno malungo si nkhani yocheza.

Nthawi zambiri simufunika n'komwe utoto. Tebulo la mbawa kapena la mlombwa lili kale ndi mtundu umenewu. Onjezani mtsuko pakona, mkeka wa mlaza pansi, nsalu yoyera pawindo, basi chipinda chakwana.

Chimene ambiri amaiwala ndi babu. Pa katoni yake pamalembedwa nambala yothera ndi K. La 2700K kapena 3000K limawala mwachikasu ndipo limadzutsa mtundu wa mkuwa. La 6500K, lomwe ndi lofala m'misika ndi pa nyale zambiri za sola, limawala mwabuluu n'kuusandutsa wotuwa ngati matope ouma. Munthu amatha kudana ndi khoma lake pomwe wolakwa ndi babu.

Chabwino n'chiti: kusiya njerwa poyera kapena kumata pulasitala n'kupenta mtundu womwewo?

Njerwa zikakhala zopsa bwino ndipo bilidala ali ndi dzanja, zisiyeni. Mwapulumutsa ndalama za pulasitala ndi za utoto wa chaka ndi chaka, komanso mtundu wa njerwa susuluka chifukwa uli m'thupi lonse, osati pakhungu pokha. Chomwe chimafuna chidwi ndi mizere ya pakati pa njerwa. Simenti yotuwa imadetsa khoma lonse, pomwe yosakaniza ndi laimu ndi mchenga woyera imaliwalitsa.

Vanishi pa njerwa za panja ndi kutaya ndalama. Dzuwa limaisuwa, ndipo isanasuwe imatsekera chinyezi m'kati mwa njerwa. Chinyezi chomwecho ndicho chimabweretsa zoyera zija zimatuluka pakhoma ngati ufa: ndi mchere wa m'dothi kapena m'madzi omangira, umene umatsala madzi akauma. Uchotseni ndi bulashi youma; mukautsuka ndi madzi umabwereranso m'kati. Ukamabwera chaka chilichonse m'munsi mwa khoma, ndiye kuti madzi akukwera kuchokera pansi, mwina pamaziko sanayale pulasitiki. Nyanja itakwera kwambiri mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa gombe, makoma otere ndiwo anali pachiopsezo chachikulu.

Njerwa zikakhala zofooka, matani pulasitala ndithu, kukongola kudikire. Posankha utoto funsani wopangidwa ndi okusayidi wa chitsulo. Umaoneka wosawala kwambiri m'chitini, koma dzuwa siliugonjetsa. Ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, zithunzi zofiira zimene Akafula anajambula pamiyala ndi utoto wa dothi zikuonekabe patapita zaka mazanamazana. Olenji wowala wa mankhwala otsika mtengo amatha kutuwa mvula isanagwe kawiri.

Koma njerwa zootcha si zija zikutha mitengo?

Ndi zomwezo, ndipo pamenepa ndi pamene mtunduwu uli ndi ngongole. Uvuni umafuna zipika zikuluzikulu za mitengo yolimba monga tsanya ndi mombo, chifukwa ndiyo imasunga moto masiku angapo. Mitengo yomweyo ikufunidwanso ndi owamba nsomba ndi ootcha makala. Amene amakwera msewu wa ku Chowe kupita ku Namwera mu Seputembala amaona masamba atsopano a miombo atafiira ngati mkuwa asanabiriwire, ndipo amaonanso mipata pamene mitengoyo inali. Nkhalango za Namizimu ndi Phirilongwe ndi zotetezedwa, koma nkhwangwa sizinazileke.

Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Kuyambira pamenepo mabuloko a simenti achuluka, ndipo matawuni athu ayamba kutuwa.

Komatu kusiya uvuni sikutanthauza kusiya mtundu. Pali njerwa za dothi lothira simenti pang'ono, kawirikawiri gawo limodzi pa magawo 10 mpaka 20 a dothi, zopanikizidwa ndi makina a manja n'kuumitsidwa pamthunzi. Dothi likakhala katondo, njerwazo zimatuluka zofiirira mofewa, zosalala m'mbali, zosafuna pulasitala. Nyumba yamdindo nayo, ikakhala ndi maziko okwera ndi denga lotulukira kunja bwino, imaonetsa mtundu wa dothi la pamalopo. Ndipo amene wamanga ndi mabuloko angathire okusayidi mu pulasitala womaliza m'malo mopenta. Zonsezi sizifika pa kuya kwa njerwa yopsa ndi moto, ndivomereze, koma kusiyanako sikokwana mtengo wa tsanya wa zaka 60.

Nanga zinthu za mkuwa weniweni, monga zigwiriro, nyale ndi zibangili?

Zimakongola zikakhala zochepa: chigwiriro cha chitseko, chivundikiro cha nyale, mpopi wa kubafa. Dziwani kuti mkuwa sukhala momwe mwaugulira. Umayamba wowala mofiirira, kenako umadera, ndipo panja pa chinyezi umafika pobiriwira. Chifanizo cha Statue of Liberty ku New York chinali cha mtundu wa mkuwa pomwe ankachitsegulira mu 1886. Patapita zaka makumi angapo chinali chitabiriwira chonse. Amene amakumbukira makobidi a 1 tambala ndi 2 tambala, omwe anayamba mu 1971, akudziwa mmene ankadera akayenda m'manja. Mukafuna kuwalitsanso, pakani madzi a ndimu ndi mchere, tsukani, pukutani mpaka kuuma.

Zinthu zingapo zoti musamale. Musaphikire kapena kusungira zowawasa monga matimati, bwemba kapena thobwa m'chiwiya chamkuwa chosakutidwa m'kati, chifukwa mkuwa umasungunukira m'chakudya n'kudwalitsa. Chachiwiri, zambiri zogulitsidwa ngati mkuwa ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba. Yesani ndi maginito: mkuwa weniweni sugwira. Ndipo chamkuwa chilichonse chosiyidwa panja chimaitana ogula zitsulo zakutha, poti mtengo wake ndi wokwera. Anzathu a ku Zambia anafika poika mtundu wa mkuwa pa mbendera yawo mu 1964, mzere wa olenji uja woimira chuma cha m'migodi.

Pa zovala ndi pa zikwangwani umagwira?

Pakhungu lakuda umagwira bwino kwambiri, makamaka nsalu ikakhala yonyezimirako. Uphatikizeni ndi woyera, wabuluu wakuya kapena wobiriwira wa masamba. Ngati ndi yunifolomu ya ukwati kapena ya kwaya, gulani nsalu yonse pa mpukutu umodzi, chifukwa mipukutu iwiri ya dzina limodzi imasiyana, ndipo pa chithunzi zimaoneka. Chapani kachidutswa kaye muone ngati sikasuluka, ndipo yanikani pamthunzi.

Pa chikwangwani cha shopu kapena malo odyera, zilembo zoyera kapena za mtundu wa mkaka zimawerengeka patali pa mtundu umenewu. Zakuda zimamira dzuwa likapendeka, zofiira siziwerengeka n'komwe.

Kodi pali pamene mtunduwu uli chenjezo?

Pambiri. Mitsinje monga Bwanje ndi Lisangadzi ikasefukira mu Januwale ndi Febuluwale, madzi a m'nyanja pafupi ndi mathiriro ake amafiira. Limenelo ndi dothi la m'minda ya anthu likupita, ndipo likakhazikika pansi limakwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya. Nsomba zimenezi ndi zomwe zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984.

Madzi a pamjigo akatuluka oyera koma n'kufiirira atakhala m'ndowa, muli chitsulo, cha m'nthaka kapena cha mapaipi odyeka. Amadetsa zovala ndipo amamveka dzimbiri m'kamwa; auzeni a komiti ya mjigo. Mzere wadzimbiri wotsika pa chipilala cha konkire ukutanthauza kuti zitsulo za m'kati zayamba kudyeka, ndipo kuupenta sikuchiza.

Tsitsi la mwana likayamba kufiirira, kupyapyala ndi kuthothoka, makamaka mapazi akamatupa, si mtundu wa kubanja kapena wa dzuwa la kunyanja. Nthawi zambiri ndi kunyentchera, ndipo mwanayo apite kuchipatala msanga.

Pa nsomba ndiye mtunduwu ndi uthenga wabwino. Mlamba kapena kampango wowambidwa pa moto wodekha amatuluka wofiirira monyezimira mbali zonse. Wakuda bii anapsa ndi malawi kunja, mwina m'kati akadali wamuwisi. Wotumbuluka sanalandire utsi wokwanira ndipo sachedwa kuchita mphutsi. Amayi ogula nsomba zokagulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe amawerenga zimenezi ndi diso limodzi asanafunse mtengo.

Ndatsimikiza kupenta. Ndiyambire pati?

Musakhulupirire kabokosi ka pa khadi. Mtundu uliwonse umaoneka wakuya ndi wowala kwambiri ukafalikira pakhoma lonse, ndiye sankhani wofookerako pang'ono kuposa umene mtima wafuna. Gulani kachitini kakang'ono, pakani malo a mita imodzi mbali zonse, kawiri, pakhoma lenilenilo. Ayang'aneni m'mawa, masana, madzulo, ndi usiku babu litayaka.

Pulasitala watsopano mumpatse milungu inayi kuti aume, apo ayi mchere wa simenti udzatulukira pa utoto n'kuuchititsa mawanga. Pentani m'miyezi yopanda mvula, koma pewani tsiku la mwera wamphamvu chifukwa fumbi ndi mchenga zimamatirira, ndiponso musapente khoma lomwe dzuwa likuliomba nthawi yomweyo. Ngati mwagula zitini zingapo, zithireni zonse m'chidebe chimodzi n'kutakasa musanayambe, chifukwa mitundu yosakaniza m'sitolo imasiyana pang'ono chitini ndi chitini. Wotsala musungeni m'botolo lotseka bwino, ndipo lembanipo nambala ya mtunduwo ndi chipinda chomwe munapaka.